Mwawi adachira bondo ku Melbourne, nanga wa ku Chilinde akavulala?

Ku Melbourne, mzinda womwe anthu ake amafera mpira wa Australian rules, mtsikana wochokera ku Mzimba adatchuka ndi masewero ena, a ntchemberembaye. Mbiri ya Mwawi Kumwenda timaikonda tikafuna kunyadira, koma ili ndi phunziro lomwe ambirife timalilumpha.

Mwawi adayambira ku Escom Sisters, kenaka Peninsula Waves ya ku Australia idamutenga. Mu 2014 adapita ku Tactix ya ku New Zealand, ndipo mu 2015 adasankhidwa kukhala katswiri woposa onse pa World Cup ya ku Sydney, ngakhale ma Queens adathera pa nambala 6. Mu 2017 adalowa Melbourne Vixens. Chaka chotsatira adali m'gulu la ma Queens omwe adadabwitsa dziko pogonjetsa New Zealand 57-53 pa Commonwealth Games.

Chaka chomwecho cha 2018, mtsempha wa m'bondo mwake udaduka. Kuvulala kotere kumafuna opaleshoni ndi miyezi yambiri yolimbitsa mwendo moyang'aniridwa ndi madokotala. Mwawi adabwerera pabwalo mu 2019. Mu 2020 Vixens idatenga chikho pothibula West Coast Fever 66-64, iye n'kukhala wosewera bwino kuposa onse pa fainoloyo.

Chidamudzutsa si luso lokha ayi. Adavulalira m'ligi yomwe osewera ali ndi kontrakiti, malipiro komanso achipatala a timu.

Tsono taganizani za mtsikana wa ku Chilinde yemwe amasewera madzulo pabwalo la fumbi la pasukulu, zigoli zili zamitengo, nsapato zobwereka. Bondo likaduka pamenepo, amumanga kansalu, amupatsa panado, basi nkhani yathera pomwepo. Makolo nawo amangoti, "tidakuuza, mpira sudyetsa." Kodi tingawadzudzule?

Zotsatira zake tikuziona. Pa World Cup ya 2007 ma Queens adali pa nambala 5. Mu 2015 ndi 2019 adali pa 6, ndipo mu 2023 ku Cape Town adatsikira pa 7, Uganda itatidutsa. Atsikana aluso sadathe ku Kawale, Biwi kapena Area 23. Chomwe chikusowa ndi njira yowasunga m'masewero mpaka akhwime.

Griffin Saenda Sports Complex ku Lilongwe ndi chiyambi chabwino, koma nyumba yokongola sichiza bondo. Netball Association of Malawi ndi makampani othandiza ligi akamalengeza mamiliyoni a mphoto, tiziwafunsanso kuti: wosewera akavulala, alipira chipatala ndani? Inshulansi ya osewera ikhale gawo la mgwirizano uliwonse wa ligi, ndipo timu isaloledwe kulowa mpikisano popanda munthu wodziwa chithandizo choyamba.

Popanda zimenezi, tizingodikira kuti mlendo atole mmodzi mwa mwayi, ena onse n'kutsalira pafumbi.