NTHAMBO ZA GALASI: POKUMBA NGALANDE TIGANIZIRE ZA MAWA

Pa 12 May 2024 nthambo ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi SEACOM, zinaduka kufupi ndi Durban ku South Africa. Kwa masiku angapo intaneti inavuta kwambiri kwa anansi athu a ku Tanzania, Malawi ndi Mozambique. Apa ndi pomwe ambiri anazindikira kuti mau ndi ndalama zimene timatumiza pa foni siziuluka mumlengalenga ulendo wonse ai. Zikafika pa nsanja ya mafoni, kawirikawiri zimalowa m'nthambo za faiba zokwiriridwa pansi kapena zoyenda pamwamba pa mapolo a magetsi, monga zija za ZESCO.

Kodi faiba n'ciani? Ndi ulusi wa galasi woonda ngati tsitsi, kotero kuti asanaukute ndi pulasitiki, maulusi 8 oikidwa pamodzi amangokwana milimita imodzi. M'kati mwake mumayenda kuwala, osati magetsi. Mu 1966 Charles Kao ndi George Hockham ku England anaonetsa kuti galasi loyeretsedwa bwino lingathe kunyamula uthenga mtunda wautali, ndipo mu 1970 kampani ya Corning ku America inapanga ulusi wotere. Nthambo yoyamba ya faiba kuoloka nyanja ya Atlantic, ya TAT-8, inayamba nchito mu 1988 ndipo inkanyamula anthu 40,000 olankhula pa lamya nthawi imodzi.

Lero mpikisano uli pa kupanikiza maulusi ambiri m'nthambo imodzi. Amawamata 12 pamodzi ngati kalamba kopyapyala, nakulunga timalamba tambiri m'cikuto cimodzi. Ziliko tsopano nthambo za maulusi 3,456, zina mpaka 6,912, koma kunenepa kwake n'kongofanana ndi mpini wa khasu. Amisiri salumikizanso ulusi umodziumodzi: makina amaotcherera 12 nthawi imodzi, ndipo pulagi imodzi ya mtundu wa MPO imagwira maulusi 12 kapena 24. Ku Japan apitirira apa. Mu 2025 bungwe la NICT ndi kampani ya Sumitomo Electric anatumiza uthenga mtunda wa makilomita 1,808 pa ulusi umodzi wokhala ndi tinjira 19 ta kuwala, ulusiwo osaunenepetsa.

Tisanamizane, abale ndi alongo, nthambo zikuluzikuluzi sanapangire ife alimi. Azipangira nyumba zazikulu zosungiramo makompyuta za makampani monga Google, Microsoft ndi Meta, makamaka cifukwa ca makina a AI amene amafuna makompyuta zikwizikwi kuti azilankhulana mosalekeza. Katete kapena Lundazi safunika maulusi 6,912. Komabe pali phunziro lotikhudza. Poyala faiba, ndalama zambiri sizithera pa galasi koma pa kukumba ngalande, kuika mapaipi ndi kulipira anchito. Woika nthambo ya maulusi ocepa lero adzakumbanso mawa, ndipo ndalama ya kukumba kwaciwiriko idzabisala mu mtengo wa mabando amene inu ndi ine timagula.

Dziko lathu lilibe gombe. Zambia inalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera ku ZAMNET pa University of Zambia, ndipo nthambo za m'nyanja monga SEACOM ya mu 2009, EASSy ya mu 2010 ndi WACS ya mu 2012 timazifikira podzera m'maiko a anzathu. Conco tifunika njira zingapo zoturukira, kuti ina ikaduka ina igwire. Cimodzimodzinso m'kati mwa dziko: boma limene limadalira nthambo imodzi yotsata mseu umodzi lili ngati mudzi wa mjigo umodzi.

Nkhaniyi ndi ya m'munda ndi ya m'thumba. Mlimi wa FISP wolandira fataleza ndi mbeu pa e-voucher amabwerera cimanjamanja ngati kwa wogulitsa kulibe netiweki, pamene mvula siyembekeza munthu. Mai amene mwana wake wa ku Kitwe wam'tumizira ndalama ya ku cipatala sangaitape. Ngakhale mtengo wa soya kapena nshawa ku Lusaka, wopanda netiweki amaumvera kwa wogula yemweyo amene afuna kum'dyera masuku pamutu.

Ena akuti Starlink, imene inayamba nchito kuno mu October 2023, yathetsa zonsezi. N'zoona kuti yathandiza malo akutali, koma mtengo wake ngwosafikirika kwa mlimi wamba, ndipo nayonso masiteshoni ake a pansi amalumikizidwa ndi faiba. Tisaiwalenso cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi ankathima maola 17 kapena kupitirira pa tsiku. Ulusi wa galasi sufuna magetsi, koma nsanja ndi makina a kumapeto kwake amawafuna. Nsanja yopanda sola kapena mabatire okwanira ndi citsulo cabe.

Nanga ticitenji? Coyamba, pamene mseu ukumangidwa kapena kukonzedwa, tifunse makhansala ndi aphungu athu ngati mapaipi a faiba aikidwiratu, ndiponso ngati nthamboyo ili ndi maulusi otsala oti makampani ena abwereke ndi oti apatukire ku sukulu ndi ku cipatala. Nthambo yongodutsa pakhomo osatisiyira kanthu ili ngati basi yosaima pa siteshoni yathu. Bungwe la ZICTA, loyang'anira za mauthenga, lilimbikitse makampani kugawana ngalande ndi nsanja.

Caciwiri cili m'manja mwathu. M'nthambo ya faiba mulibe mkuwa woti munthu akagulitse, conco woidula amangobvutitsa dera lonse osapindula kanthu. Mafumu, anyakwawa ndi atsogoleri a miphakati auze acinyamata zimenezi. Tisamale polima ndi pokumba mcenga pafupi ndi zikwangwani za nthambo, ndipo tileke kutentha thengo posaka mbewa m'mbali mwa miseu.

Msonkhano waukulu wa Vatican II, m'cikalata ca Inter Mirifica ca mu 1963, unaphunzitsa kuti njira zofalitsira mauthenga zizitumikira ubwino wa anthu onse. Maulusi zikwizikwi akunjawo adzakhala ndi tanthauzo kwa ife tsiku limene ocepa cabe adzafika pa kiliniki ya kumudzi. Mwana wosalira amafera m'njira: tiyeni tifunse ngalande isanakwiriridwe.