Ndani alowe dzina la T'Challa?

Loweruka lapitali ndinapita kukametetsa pa shopu ya mnyamata wina pano pa Mphunzi. Kunja kunali chisanu chija cha kuno ku Dedza, choti ngakhale dzuwa lifike paliwombo jekete suvula. Ndinkayesa ndikhala mphindi zochepa chabe, koma ndinatuluka patatha maola awiri, chifukwa wometayo ankangoimitsa mashini n'kumaloza nayo anzake. Mkangano wake sunali wa mtengo wa feteleza kapena wa Bullets ndi Wanderers. Anyamata ankalimbirana ufumu wa dziko lomwe pa mapu palibe.

Inu amene simutsata za mafilimu, ndikufotokozereni pang'ono. Mu 2018 kampani ya Marvel ya ku America inatulutsa filimu ya Black Panther, yomwe anaitsogolera Ryan Coogler. Nkhani yake ndi ya dziko longopeka la mu Africa lotchedwa Wakanda, lomwe atsamunda sanalipondemo ndipo linatukuka kuposa maiko onse chifukwa cha chitsulo chodabwitsa cha vibranium. Mfumu yake ndi T'Challa, ndipo amene anasewera ngati mfumuyo anali Chadwick Boseman. Filimuyi inapanga ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni ndipo inapata mphoto zitatu za Oscar. Kuno ambiri tinaionera m'nyumba zoonetsera vidiyo, itamasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata aja amathira mchere wawo pa mawu alionse.

Pa 28 Ogasiti 2020 Boseman anamwalira ndi khansa ya m'matumbo ali ndi zaka 43. Eni filimu anagwirizana kuti asaike munthu wina m'malo mwake. Choncho gawo lachiwiri, Wakanda Forever, lomwe linatuluka mu Novembala 2022, linayamba ndi maliro a T'Challa. Mlongo wake Shuri ndiye anavala chovala cha Black Panther, amayi awo Ramonda anaphedwa, M'Baku wa kumapiri anabwera kudzafuna mpando, ndipo kumapeto kwenikweni tinaonetsedwa kamnyamata komwe T'Challa anabereka mwa Nakia, kakuleredwa mobisa ku Haiti. Dzina lake lakwawo nalonso ndi T'Challa.

Chinasonkhezera moto ndi choti mu Novembala 2024 Denzel Washington anaulula pa kanema wina wa ku Australia kuti Coogler akumulembera mbali yoti adzasewere m'gawo lachitatu. Kuchokera pamenepo aliyense amene ali ndi foni ndi kabandulo wasanduka mlosi.

Woyamba kukweza mawu anali mnyamata wa kabaza. "Achimwene, filimu yopanda T'Challa ndi nsima yopanda ndiwo. Apeze wina basi. Kodi James Bond sasintha nkhope? Pa Facebook akutchula Damson Idris, ine ndavomereza kale."

Wometa anazimitsa mashini, mutu wanga uli wometeka mbali imodzi. "Iwe ulibe chisoni. Munthu ankajambulitsa mafilimu akudwala osauza anthu, lero mungomuchotsa ngati tayala lakutha? Adikire mwana wa ku Haiti uja akule."

Mtsikana wina amene anabwera kudzatchajitsa foni anawadula onse awiri. "Nanga Shuri walakwanji? Mukufunafuna mwamuna ngati mpando ulibe mwini. Konkuno ku Dedza a Theresa Kachindamoto sanali Inkosi? Maukwati a ana aja anathetsa ndani?"

Pa Denzel pokha panatuluka maulosi anayi. Wina amati adzakhala mdani, wina amati adzakhala mfumu yakale yolankhula kuchokera kumizimu, wina amati ndi T'Challa wokalamba wochokera kudziko lina. Wachinayi anati iye wamva kuti filimuyo adzaijambulira ku Mulanje. Nditafunsa komwe wamva, anati kwa msuweni wake wa ku Joni. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Pakhonde panali agogo ena akusewera bawo. Filimuyo sanaionepo, koma khutu linali kwa ife. Anaitana wa kabaza uja.

"Mdzukulu, mwana mukunenayo, mayi ake ndi akubanja lachifumu?"

"Ayi agogo, achifumu ndi bambo ake."

"Ndiye mukuvutikiranji? Ameneyo ndi mwana wa eni ake, ufumu wake uli kwa atsibweni ake. Mfumu ikagona, timayang'ana kumbumba. Mlongo wakeyo ndiye mfumakazi. Alowe yekha kapena abereke, mwana wakeyo ndiye mwini mpando."

Mnzawo wa bawo, yemwe ndi Mngoni, anaponya nkhomo pansi. "Zimenezo ndi za Achewa inu. Kwathu mwana wa mfumu ndiye mfumu, abadwire ku Haiti kapena kumwezi."

Tonse tinaseka, koma ine ndinaona kuti madala awiriwa agwira pamene anyamata a pa intaneti amaphonya. Anasiyana pa njira, koma palibe mwa iwo amene ananena kuti mpando ukhale wopanda munthu chifukwa amene anachokayo anali wabwino kwambiri. Kwathu kuno dzina la ufumu silipita kumanda. Lero tili ndi Gomani wachisanu ndi M'mbelwa wachisanu, ndipo Kalonga Gawa Undi alipo monga analiri makedzana. Munthu amagona, wina n'kulowa dzina, ndipo palibe amati kutero n'kunyoza malemu.

Ndikunena izi ndi bala langa. Atsibweni anga, omwe anali nyakwawa ya mudzi wathu, atamwalira, tinakhala zaka zitatu osalonga wina. Aliyense amene mbumba inkamutchula, ena ankati sangafanane ndi malemu. Zinali zoona, panalibe wofanana nawo. Koma m'zaka zitatuzo milandu ya malire a minda inaunjikana, abale awiri anatemana ndi makasu chifukwa cha dimba, ndipo mayina a olandira zipangizo zotsika mtengo ankalembedwa ndi anthu osatidziwa. Tinkayesa tikulemekeza malemu, pomwe tinkagwetsa zomwe iwo anamanga. Amene tinadzamulonga pomaliza sanafanane nawo, koma mudzi unapuma.

N'chifukwa chake ine ndili mbali ya wa kabaza, ngakhale fanizo lake la nsima silinandigwire mtima. Mu 2022 eni filimu anachita bwino kusathamangira kuika wina. Misozi inali isanaume, ndipo Wakanda Forever inali ngati siwa ya dziko lonse. Koma maliro ali ndi mmeto wake. Dzina la T'Challa linayamba kulembedwa m'mabuku a zithunzi mu 1966, Boseman asanabadwe. Iye analisenza bwino kuposa mmene wina aliyense ankayembekezera, ndipo chifukwa cha chomwecho ana a pa Mphunzi amene anali m'mimba mu 2018 akuyenera kudzaona mfumuyo ikuyenda, osangomva kuti inaliko. Kaya adzakuza mwana wa ku Haiti, kaya adzabweretsa nkhope ina, zimenezo ndi za Coogler. Shuri naye asamukankhire kukhonde, mtsikana uja ananena zoona. Chomwe ndingakane ndi kudzutsa nkhope ya malemu ndi kompyuta, ndipo a Marvel ananena kale mu 2020 kuti sadzachita zimenezo. Asunge mawu awo.

Wometa atayatsanso mashini ndinafunsa funso langa. Ndinati pa anthu amene mukuwalira, bwanji simukutchula Connie Chiume? Onse anangoti duu. Mayi ameneyu ndi uja ankakhala pabwalo la mfumu ya Wakanda ngati mkulu wa fuko la okumba migodi, ndipo anaonekanso m'gawo lachiwiri. Anabadwira ku Welkom ku South Africa mu 1952, koma bambo ake anali Mmalawi wa ku Usisya ku Nkhata Bay. Otsata masewero a ku Joni amamudziwa mu Rhythm City ndi Gomora. Anamwalira pa 6 Ogasiti 2024 ku Johannesburg ali ndi zaka 72. Mpando wake nawonso uli wopanda munthu, ndipo ndi umene unali pafupi kwambiri ndi ife. Anyamata amene amadziwa mphekesera zonse za ku Hollywood sankadziwa kuti magazi a kunyanja kwathu anakhala nawo pabwalo limenelo.

Zinandikhudzanso kuti iye ankaimira a migodi. Wakanda ndi loto la dziko lomwe linasunga chuma chake cha pansi pa nthaka n'kudzitukula nacho. Ife tili ndi miyala yosowa ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe ku Phalombe, rutile ku Kasiya ku Lilongwe, ndi uranium ku Kayelekera ku Karonga. Mphamvu imene timathera potsutsana za vibranium, titagawako theka n'kumafunsa aphungu athu zomwe zili m'mapangano a migodi imeneyi, bwenzi tikuthandiza adzukulu.

Sindikunyoza mkanganowo ayi. Munthu amene amalosera mmene nkhani idzathere ndiye kuti wayamba kupeka yake. Pamwamba pa shopu yomweyo pali phiri la Mphunzi, limodzi mwa malo a zojambula za pamiyala za Chongoni, zomwe UNESCO inaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Malowa alipo 127. Akafula anajambula ndi utoto wofiira, Achewa n'kudzawonjezera ndi woyera. Anthu a pano akhala akujambula zomwe amaona ndi zomwe amalota kwa zaka mazanamazana. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu inasanduka filimu mu 2019, anthu akulankhulamo Chichewa, ndipo dziko linaonera. Ndinauza anyamatawo kuti mafoni omwe akusakira mphekeserawo amajambulanso.

Potuluka ndinasiya wometa ndi wa kabaza atabetcherana ndowa ya mbatata ya kachewere: wina akuti T'Challa adzabwera ndi nkhope yatsopano, wina akuti adzakhala mwana uja atakula. Mboni ndine. Mtsikana wa foni uja anati akapambana Shuri, ndowa zonse ziwiri ndi zake, ndipo agogo a bawo anavomereza kuti mlandu waweruzidwa bwino.