Basela wa madola 30 anasiya osewera Starfield akudandaula

Pa 30 Seputembala 2024 kampani ya Bethesda ya ku Maryland, m'dziko la America, inatulutsa gawo loonjezera la sewero lake la pa kompyuta lotchedwa Starfield. Gawolo analitcha Shattered Space ndipo mtengo wake unali madola 30. Masiku sanapite ambiri, ogula anayamba kudandaula. Pa Steam, womwe ndi msika waukulu wa pa intaneti wogulitsa masewero otere, wogula aliyense amaloledwa kunena ngati katundu wamukomera kapena ayi. Patatha masabata ochepa, mwa anthu khumi aliwonse amene ananena maganizo awo, pafupifupi atatu okha ndiwo anati gawoli n'labwino.

Awerengi ena afunsa kuti munthu wamkulu angadandaulirenji nkhani ya masewero. Kuti dandauloli limveke, mpofunika kufotokoza kaye mtundu wa seweroli.

Starfield ali m'gulu la masewero otchedwa RPG. M'masewero amenewa wosewera amasanduka munthu wa m'nkhani. Amadzisankhira dzina, nkhope, ntchito ngakhalenso mbiri ya kumene anachokera, kenaka amayenda m'dziko lopeka, kuyankhula ndi anthu ake, kuthandiza ena ndi kudana ndi ena. Zili ngati sewero la pa wailesi limene womvera wapatsidwa mphamvu yonena zimene mwini nkhani achite mawa. Kukoma kwake kwagona pakuti zimene munthu wasankha zimamutsatira. Akapereka mnzake lero, am'peza mnzakeyo kutsogolo atamusungira mangawa. Anthu amatha maola 100 kapena kuposa pa sewero limodzi chifukwa cha chimenechi.

Gawo loonjezera, limene eni ake amalitcha DLC, ndi nkhani yatsopano imene munthu amaigula payokha n'kuikopera kudzera pa intaneti kuti ilumikizane ndi sewero limene ali nalo kale. Pamsika, mayi wogulitsa tomato amaika basela pamwamba pa mulu kuti wogula adzabwerenso. Basela wa makampani a masewero ndi wolipira, ndipo nthawi zina amalipiridwa asanaoneke n'komwe.

Umu ndi mmene zinakhalira ndi Starfield. Seweroli linatuluka pa 6 Seputembala 2023 pa kompyuta ndi pa makina a Xbox. Linali dziko latsopano loyamba kupekedwa ndi Bethesda patapita zaka zoposa 25, ndipo mkulu wa ntchitoyo, Todd Howard, analonjeza maiko a m'mlengalenga oposa 1,000 oti wosewera akhoza kuterapo. Sewero lokha linali pa madola 70, koma panalinso mtolo wa madola 100 umene unalola wogula kuyamba kusewera masiku asanu anzake asanayambe, komanso unamulonjeza Shattered Space ikadzatuluka. Anthu ambiri anagula mtolowo. Iwowa anapereka ndalama zawo chaka chathunthu katunduyo asanamuone.

Mwezi woyamba usanathe, Bethesda inalengeza kuti anthu 10 miliyoni asewera Starfield. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa maiko 1,000 aja sanakonzedwe ndi manja a anthu. Kompyuta ndiyo inkayala mapiri ndi zigwa n'kumwazamo nyumba zochepa zomwe zinakonzedwa kale, kotero wosewera ankapeza malo ofufuzira zinthu omwewo, adani omwewo ndi makalata omwewo pa maiko osiyanasiyana. Anthu atadandaula kuti maikowo ngopanda kanthu, ogwira ntchito ku Bethesda anayankha ena mwa iwo mu Novembala 2023 kuti anthu amene anapita ku mwezi sanapezeko kanthu koma sanatope nako. Yankho limeneli linangoonjezera mkwiyo. Mu Juni 2024 kampaniyo inagulitsanso kankhani kamodzi kakafupi pa madola 7, ndipo osewera anakumbutsana za chaka cha 2006 pamene Bethesda yomweyo inagulitsa chovala cha kavalo pa madola awiri ndi theka m'sewero la Oblivion, nkhani imene mpaka lero anthu amaseka nayo.

Choncho Shattered Space inafika pakati pa anthu amene mitima yawo inali kale m'mwamba. Bethesda inati ulendo uno nkhani yonse ichitikira pa dziko limodzi lokonzedwa ndi manja. Dzikolo ndi Va'ruun'kai, kwawo kwa fuko la House Va'ruun, anthu obisika opembedza Njoka Yaikulu. Mtsogoleri wawo, Anasko Va'ruun, anayesa makina oopsa amene anang'amba mbali ya mzinda wa Dazra, ndipo wosewera amafika ngati mlendo woti agwirizanitse mabanja atatu olamulira ndi kupeza chimene chinachitika. Pomva chabe, inali nkhani yokoma.

Madandaulo a ogula anagona pa mfundo zitatu. Yoyamba inali kufupika: ambiri anati anamaliza nkhani yaikulu maola khumi asanakwane. Yachiwiri inali kusowa kwa zatsopano, poti zida ndi adani ambiri ankafanana ndi akale, ndipo sewero la zombo za m'mlengalenga linasiya chombo cha wosewera chili chiimire pabwalo pafupifupi nkhani yonse. Yachitatu ndiyo inawapweteka koposa. M'sewero loyamba muli mkazi wotchedwa Andreja, wochokera ku fuko lomwelo la Va'ruun, amene wosewera akhoza kuyenda naye ngakhale kumanga naye banja. Osewera anadikira chaka chonse kuti apite naye kwawo. Atafika naye, anadandaula kuti mkaziyo anali ndi mawu ochepa kwambiri, ngati mlendo wongodutsa. Kumapeto kwa nkhani wosewera amapatsidwa mpata wogamula za tsogolo la fuko lonselo, koma ambiri anati atabwerera ku mizinda ina sanaone chosintha chilichonse.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu wogula RPG amalipira kuti dziko lopekalo limudziwe ndi kumukumbukira. Maola akachepa koma zosankha zake zikulemera, amakhululuka. Zosankhazo zikapepuka, ngakhale dziko likongole chotani, amaona kuti wapusitsidwa. Mkwati amene wapita ndi mkazi wake kuchikamwini, apongozi osam'funsa ngakhale dzina, sabwerako akutama kukongola kwa nyumba.

Chinanso chimene chinaipitsa zinthu ndi chakuti ogula anali ndi poyerekezera. Mu Seputembala 2023 kampani ya CD Projekt Red ya ku Poland inatulutsa Phantom Liberty, gawo loonjezera la Cyberpunk 2077, pa mtengo womwewo wa madola 30. Cyberpunk 2077 inatuluka mu Disembala 2020 ili ndi zolakwika zambiri mpaka kampani ya Sony inaichotsa pamsika wa PlayStation kwa miyezi ingapo. Eni ake anakhala pansi zaka pafupifupi zitatu akukonza, ndipo Phantom Liberty, momwe munasewera katswiri wa mafilimu Idris Elba, inabweza ulemu wa kampaniyo. Mu Juni 2024, miyezi itatu yokha Shattered Space isanatuluke, kampani ya FromSoftware ya ku Japan inatulutsa Shadow of the Erdtree, gawo loonjezera la Elden Ring, ndipo anthu 5 miliyoni analigula m'masiku atatu. Nalonso linadandaulidwa, koma dandaulo lake lalikulu linali lakuti adani ake ngovuta kuwagonjetsa. Za kuchepa kwa katundu sizinamveke. Ngakhale Bethesda yomwe ili ndi mbiri yabwino pa ntchitoyi, poti Shivering Isles ya 2007 ndi Far Harbor ya 2016 zimatamandidwabe. Osewera ankadziwa kuti kampaniyi ikafuna imatha.

Chilungamo chifunika kunenedwa mbali zonse. Alipo osewera amene anakondwa ndi Shattered Space. Iwo anati mzinda wa Dazra ndi thambo lake lofiirira n'zokongola, ndipo kuyenda pansi pa dziko lokonzedwa ndi manja kunawakumbutsa masewero akale a Bethesda. N'zoonanso kuti ena mwa amene anaipereka chiweruzo choipa anali kulanga Starfield yense chifukwa cha mkwiyo wa chaka chatha. Ndipo mwezi umodzi gawoli lisanatuluke, kampaniyo inapereka kwaulere galimoto yoyendera pa maiko aja, chinthu chimene osewera anakhala akupempha. Koma ziwerengero za pa Steam zinaonetsa kumene mitima ya ambiri inapita. Mu Seputembala 2023 anthu oposa 330,000 anasewera Starfield pa nthawi imodzi. Shattered Space itatuluka, chiwerengerocho sichinafike 25,000. Ena amasewerera pa Xbox ndipo sawerengedwa pamenepa, komabe kusiyanaku n'kwakukulu.

Zimene zili pachiswe n'zoposa madola 30 a munthu mmodzi. Kampani ya Microsoft inagula ZeniMax, eni ake a Bethesda, pa madola 7.5 biliyoni, malonda amene anatsirizika mu Malichi 2021, ndipo Starfield inali imodzi mwa ntchito zimene inkadalira. Bethesda yomweyi inalengeza mu 2018 kuti ikukonza The Elder Scrolls VI, sewero lotsatira Skyrim wa 2011 amene anakondedwa dziko lonse. Anthu amene anakhumudwa ndi Shattered Space ndi omwewo amene adzafunsidwe kutulutsa ndalama ulendo winawo. Kampani ya masewero imadya za mbiri yake, ndipo mbiri ikaonongeka sibwerera msanga.

Kwa wogula, phunziro lake n'lakale ndithu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amene analipira madola 100 mu 2023 analibe mpata wosintha maganizo gawolo litatuluka, pomwe amene anadikira anamva kaye za anzawo n'kusankha okha. Kudikira sabata imodzi kapena ziwiri sikuononga sewero, ndipo kawirikawiri mtengo umatsika pakapita miyezi. Makolo amene ana awo amawapempha ndalama za zinthu zotere akhoza kufunsa funso limodzi lokha: kodi chimene mukufuna kugulacho chatuluka kale, ndipo amene achiona akuti bwanji? Kuona maso a nkhono n'kudekha.