Manda a Akuru m'Kacisi wa Westminster

Abale anga a ku migodi ndi a ku mapulazi, pa 19 September 2022 maliro a Mfumukazi Elizabeth II analowa m'kacisi wamkuru wa ku London, dzina lace Westminster Abbey, ndipo akuru a maiko ambiri anasonkhana kudzakhuza. Koma atatha mapemphero mtembo sunagone m'menemo ai. Anaunyamula kunka nao ku Windsor, kumene kuli manda a atate wace, amace ndi mwamuna wace. Tsono ndifuna tione pamodzi amene agona m'kacisiyo, ndi amene awasankha, pakuti nkhani imeneyi itikhudza ifenso.

Nyumbayo anaimanga Mfumu Edward, ndipo inapatulidwa mu 1065. Patapita masiku owerengeka iye mwini anamwalira naikidwa momwemo. Mfumu Henry III anayamba kuimanganso mu 1245. Mafumu a ku Mangalande abvekedwa ufumu m'menemo kuyambira 1066, koma wotsiriza kuikidwamo ndiye George II mu 1760. Amene aikidwamo kapena kukumbukiridwa ndi mwala apitirira 3,000. Muli Isaac Newton wanzeruyo (1727), William Wilberforce amene analimbana ndi malonda a akapolo (1833), ndi Charles Darwin (1882). Popeza malo anacepa, masiku ano aikamo phulusa lokha kapena mwala wa cikumbutso, monga anacitira ndi phulusa la Stephen Hawking mu 2018. Munthu sadzisankhira yekha. Otsala ndiwo apempha, ndipo wansembe wamkuru wa nyumbayo, amene amati Dean, ndiye abvomereza kapena kukana.

Pakati pa kacisiyo pali manda amene sakadakhalapo popanda anthu akuda. David Livingstone anamwalira pa 1 May 1873 pa mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Anyamata ace, otsogolera ao Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo wa mpundu, ndipo Jacob Wainwright, wodziwa kulemba, anazokota dzina lace pa mtengowo. Thupi analithira mcere, naliumitsa padzuwa, nalikulunga m'nsaru ndi m'khungwa. Analisenza mtunda woposa mamailosi 1,000 kufikira ku Bagamoyo, m'mphepete mwa nyanja ya mcere, kumene anafika mu February 1874. Pa Unyanyembe anakomana ndi Mzungu, Cameron, amene anawauza kuti aliike pomwepo, koma iwo anakana, cifukwa m'mitima mwao anati munthu ayenera kubwezedwa kwa abale ace. Maliro anacitika ku Westminster pa 18 April 1874.

Taonani tsono cimene cinatsatira. Wainwright yekha ndiye anaoloka ndi bokosi nakhala mmodzi wa olinyamula tsiku la maliro. Susi ndi Chuma anafika ku Mangalande mwambo utatha kale. Mwala wa pa mandawo utamanda manja okhulupirika amene anamnyamula pamtunda ndi panyanja, koma eni manjawo suwachula maina. Chuma anali Myao, amene Livingstone ndi Bishop Mackenzie anamuombola kwa ogula akapolo mu 1861 ku mapiri a ku Shire, akali mnyamata. Mlendo woima pa mwalawo lero awerenga dzina la wonyamulidwa, acoka osadziwa dzina la wosenza.

Angerezi okha anazindikira m'kupita kwa zaka kuti mtundu suima ndi omveka okha. Pa nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918 anyamata ambirimbiri anafa osadziwika pamene agona. Wansembe wa asilikari, David Railton, anaona mu 1916 ku France manda a msilikari wopanda dzina, ndipo pambuyo pace analembera Dean kalata. Pa 11 November 1920 anaika m'kacisimo msilikari mmodzi amene palibe adziwa dzina lace ngakhale mudzi wace, namfotsera ndi dothi la ku France, Mfumu George V ali ciimire pomwepo. Miyala yina ya pansi anthu aiponda poyenda, koma manda amenewa saponda munthu, ngakhale mfumu. Mai ali yense wotaya mwana anakhoza kunena mumtima kuti, kapena ndi wanga.

Ana a Afrika naonso anafikiridwa, ngakhale mocedwa. Mu 1998 anaimika pamwamba pa khomo la kumadzulo mafano khumi a anthu ofera cikhulupiriro. Pakati pao pali Manche Masemola, mtsikana wa ku South Africa amene anaphedwa ndi makolo ace mu 1928 cifukwa cofuna ubatizo, ndi Archbishop Janani Luwum wa ku Uganda, wophedwa mu 1977 m'masiku a Idi Amin. Mu 2018 anaikamo mwala wa Nelson Mandela, koma thupi lace ligona kwao ku Qunu, kumene analiika mu 2013. Mandela ndi Mfumukazi anagwirizana pa cinthu cimodzi: ulemu alandira ku kacisi, koma kugona agona pa abale.

Kunena kwanga ndi uku. Manda ndi nchito ya amoyo, ndipo dzina likhala pokhapo wina walilemba. Livingstone agona pakati pa mafumu cifukwa anzace a pa ulendo sanamtaye m'thengo. Ife tiri kutali ndi kwathu. Tidziwa anzathu amene anagona pa minda ya eni ace, kwao akali kuwayembekeza. Cifukwa cace munthu ali yense alembe pa pepala dzina lace leni leni, mudzi, mfumu ndi boma la kwao, napatse mnzace wokhulupirika. Alowe m'bungwe la maliro, asazengereze kusonkha, pakuti akuru anati maliro nkulirana. Ndipo mukaika mnzanu kuno ku cilendo, lembani dzina pa mandawo, tumizani kalata kwao, ndipo m'kalatamo muchule onse amene anakumba ndi kusenza, kuti abale ace adziwe owathokoza.

Tsalani bwino, ine wanu Kalaliki.