Mai Chisamba, nkhoswe ya m'malokeshoni a Harare

Pa mapulogalamu a mpikisano a pa kanema kumaiko a azungu, mayi nthawi zambiri amaikidwa pafupi ndi mphoto kuti azimwetulira. Vanna White wa ku America wakhala pa Wheel of Fortune kuyambira 1982, ntchito yake kuonetsa zilembo pa bolodi ndi kuwomba m'manja, pamene mwambo wonse ankayendetsa ndi bambo, Pat Sajak, mpaka pamene anapuma mu 2024. Zinachita kutengera Sajak kudwala mu 2019 kuti mayiyu apatsidwe mpata woyendetsa yekha pulogalamuyo, komanso kwa masabata owerengeka chabe.

Ku Harare nkhani ndi ina. Mayi amene anthu a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Glen View ndi Mabvuku amawadziwa bwino pa kanema sagawa firiji, ndalama kapena galimoto. Ofuna galimoto amadikira mpikisano wa OK Grand Challenge ku Borrowdale. Rebecca Chisamba, amene dziko lonse la Zimbabwe limangowatchula kuti Mai Chisamba, amagawa maikolofoni, ndipo akhala akutero kwa zaka zoposa 20 pa pulogalamu yawo ya Mai Chisamba Show pa wailesi ya kanema ya ZBC.

Mayiwa anabadwa mu 1952 ndipo anayamba ngati mphunzitsi asanalowe m'ntchito youlutsa mawu. Uphunzitsiwo umaonekabe. Amadziwa kufunsa funso ndi kudikira, amadziwa kudula munthu wolankhula mozungulira popanda kumuchititsa manyazi, ndipo amadziwa kuti amene wakhala kumbuyo osakweza mkono nthawi zina ndiye ali ndi mawu.

Kapangidwe ka pulogalamuyi n'kosavuta. Anthu amakhala pamipando m'mizere, achikulire, achinyamata, abambo a jekete ndi amayi a chitenje. Mai Chisamba, atavala zachiafirika ndi duku kumutu, amaponya mutu wa tsikulo m'Chishona chakupsa, chodzaza ndi miyambi, kenako n'kuyamba kuyenda pakati pa anthuwo. Bambo wina amaimirira, kukonza kolala, n'kunena kuti mkazi amene analowoledwa ndi ng'ombe alibe mawu pa malipiro a mwamuna. Asanakhale pansi, manja a amayi asanu ali kale m'mwamba. Maikolofoni imapita kwa agogo ena, amene amayamba ndi kuwomba m'manja mwaulemu, kenako n'kumusambitsa chokweza bamboyo holo yonse ikuseka. Wopambana salengezedwa. Kumapeto mwini pulogalamu amamanga mfundo mwachidule n'kutsanzika.

Mitu yake ndi yomweyo imene imasowetsa anthu tulo: kukwera kwa malowolo, apongozi ndi akazi a ana awo, akazi amseri amene ku Harare amawatcha "small house", ufiti, kulanda katundu wa amasiye, HIV m'banja, ana osiyidwa ndi agogo makolo atapita ku Johannesburg kapena London. Nkhani zomwezi Mai Chisamba amazikambanso m'nyuzipepala ya The Sunday Mail, m'danga lawo la Mudzimba, mmene amayankha makalata a owerenga.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake pulogalamu yopanda mphoto yakhalitsa chonchi, ayenera kuona mmene malokeshoni a Harare anamangidwira. Mbare, imene kale inkatchedwa Harari, inakhazikitsidwa mu 1907 ngati malo ogona antchito akuda. Mahositelo a Matapi ndi Nenyere anamangidwira amuna okhaokha, poti boma la atsamunda linkafuna manja a mwamuna m'tauni koma mkazi ndi ana atsale kumudzi. Lero m'chipinda chimodzi chotere mumakhala banja lathunthu, katani ndiye khoma. Ku Glen View kapena Budiriro nyumba imodzi imatha kukhala ndi mabanja atatu kapena anayi a lendi, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi.

Kwa Ashona, banja likagwedezeka amathamangira kwa azakhali, mlongo wake wa bambo, monga mmene Achewa amathamangira kwa ankhoswe. Koma azakhaliwo ali ku Murehwa kapena ku Gutu, ulendo wofuna ndalama ya basi, ndipo oyandikana nawo m'tauni ndi anthu ongokumana nawo pampopi. Mpata umenewu ndi umene Mai Chisamba analowamo. Lamlungu madzulo, magetsi akakhalapo, balaza la landilodi linkadzaza: ana pansi pa simenti yopakidwa polishi wofiira, alendi ataima pakhomo, nsalu yoluka yophimba kanema itapindidwira pamwamba. Mkazi amene sakanatha kuuza mwamuna wake maso ndi maso kuti achibale ake achuluka m'nyumba ankangosiya mlendo wa pa kanema anene, iye n'kungoti "mwamva?" Mkangano unkapitirira mawa lake m'makombi opita m'tauni ndi m'misika.

Zaka za pulogalamuyi ndi zaka zomwenso malamulo a banja ku Zimbabwe akhala akusinthasintha. Mu 1997 nyumba ya malamulo inakonza lamulo la chuma cha masiye kuti mkazi wamasiye azitsala m'nyumba imene ankakhalamo ndi mwamuna wake. Koma mu 1999 khothi lalikulu la Supreme linagamula mlandu wa Venia Magaya wa ku Mabvuku, mwana woyamba wa malemu Shonhiwa Magaya, kuti sangalowe chuma cha bambo ake chifukwa ndi wamkazi. Bambowo anamwalira lamulo latsopano lisanayambe kugwira ntchito, choncho nyumba inapita kwa mlongo wake wa mayi wina. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja linayamba kugwira ntchito mu 2007, khothi loona za malamulo aakulu a dziko linaletsa maukwati a ana osafika zaka 18 mu 2016, ndipo lamulo latsopano la maukwati linabwera mu 2022. Anthu a ku Kambuzuma sawerenga gazeti ya boma. Ambiri amamva za kusintha kotere pamene nkhani za ufulu wa mkazi, mwana ndi wamasiye zikukambidwa poyera m'chilankhulo chawo, ndipo mabwalo onga a Mai Chisamba ndiwo achita ntchito imeneyo.

Izi sizikutanthauza kuti pulogalamuyi ilibe banga. Bwalo limene limalemekeza mwambo limatha kutsamira kwa akuluakulu, ndipo mawu oti "pirira, ndi mmene banja limakhalira" amamveka msanga kuposa oti "pita kupolisi". Mtsikana wa ku Dzivarasekwa amene wakulira pa WhatsApp ndi Facebook akhoza kuona ngati akumulangiza m'malo momumvera. Komanso ZBC ndi ya boma, ndiye mavuto a m'nyumba amakambidwa momasuka kusiyana ndi zimene zimawayambitsa. Pamene ntchito ya boma ya Operation Murambatsvina inagwetsa tinyumba takuseri mu 2005, lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Mabanja ambiri anapasuka nthawi imeneyo, osati chifukwa cha apongozi.

Nawonso oonera anabalalika. Zimbabwe inayamba kuonera kanema mu 1960, kale kwambiri poyerekeza ndi Malawi amene anadikira mpaka 1999, koma kwa zaka zambiri wailesi ya kanema inali imodzi yokha, ya ZBC. Anthu atatopa nayo anakhoma madishi pamadenga n'kumaonera SABC ya ku South Africa mwaulere mpaka njirayo inatsekedwa mu 2013. Mu 2020 boma linapereka ziphaso kwa nyumba zisanu ndi imodzi za kanema, ndipo imodzi mwa izo, 3Ktv, inayamba kuulutsa mu 2022. Pa wailesi, Tilder Moyo wa Star FM anakopa anthu ndi nkhani za m'mabanja zoopsa kuposa zimene kanema wa Lamlungu angaonetse. Pamenepo wonjezeranipo kuzimazima kwa magetsi. Ngakhale zili choncho, dzina la Mai Chisamba likadali pakamwa pa anthu, moti tizidutswa ta pulogalamu yawo timayenda m'mafoni a achinyamata omwe sakhala n'komwe pansi kuonera ZBC.

Pakati pa oonerawo pali ana ndi zidzukulu za Amalawi, a ku Zambia ndi a ku Mozambique amene anabwera kudzagwira ntchito m'nyumba za azungu, m'mafakitale ndi kunjanji. Achuluka ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Rugare, kumene Gule Wamkulu amatulukabe pamaliro. Amalankhula Chishona bwinobwino ndipo amaseka nawo, koma mavuto awo ena safika pa maikolofoni imeneyo. Mnyamata wa mtundu wotsata kuchikazi akafunsira mtsikana wa Chishona, akuchimuna amadabwa ndi mndandanda wa ng'ombe, akuchikazi n'kumafunsa kuti mudzi wa mkamwiniyo uli kuti. Bambo akamwalira, malume amaona kuti mawu ndi awo pamene lamulo likunena zina. Ena anakula ndi ziphaso zolembedwa kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwiramo, makamaka lamulo la unzika litasintha mu 2001, ndipo mwana wa kholo lopanda chiphaso amavutika kupeza setifiketi ya kubadwa.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Pa wailesi, National FM imachipatsa nthawi. Pa kanema nthawi yambiri ikadali ya Chingerezi, Chishona ndi Chindebele. Nyumba zatsopano za kanema zikusakasaka mapulogalamu otsika mtengo amene anthu angaonere, ndipo njira ya Mai Chisamba imangofuna holo, mipando, makamera awiri ndi mayi wodziwa kufunsa. Holo ku Mabvuku ndi ku Mufakose zilipo, ndipo anankungwi ndi amayi a mvano olankhula Chichewa amene angayendetse bwalo lotere akadalipo m'malokeshoni omwewo.