Kuwala si Kuthwa

Pa msika wa ku Insaca ndi wa pa Entre Lagos pali mipeni yambiri. Amaiyala pa mphasa pamodzi ndi zipeso, magalasi ndi mabatire. Imawala ngati matemba padzuwa. Ina ndi yopinda, yolowa m'thumba. Mtengo wake ndi wocepa, ndipo anthu amagula. Pakatha mwezi mpeni wabuntha, cigwiriro cagwedera, munthu uja wabwereranso ku msika ndi meticais ena.

Abale ndi alongo, uku ndi kutaya ndalama. Ndipo pamene tikutaya, mmisiri wosula wa m'mudzi mwathu wangokhala pa cipala cake, moto utazima.

Taganizani nchito ya mpeni kwathu kuno. Msodzi wa ku Chiuta amatumbulira makumba ndi milamba, amadulira zingwe za ukonde. Mlimi amasendera cinangwa, amang'ambira nsungwi zolukira nkhokwe. Amai amadulira ndiwo. Mpeni ndi mnzake wa khasu. Kodi alipo amene amagula khasu cifukwa ca utoto wake?

Kuthwa kwa mpeni kumacokera ku zinthu ziwiri: mtundu wa citsulo ndi moto. Citsulo ca mgolo kapena ca malata ndi cofewa. Mungacinole tsiku lonse, ciyamba kubuntha pa nsomba yacitatu. Mmisiri wodziwa amafuna sipuling'i ya galimoto kapena tupa yakutha. Amaiocha pa makala, mwana akupopa mvukuto, naisula ndi nyundo mpaka ikhale mpeni. Pamenepo nchito siinathe. Amauochanso mpaka ufiire ngati khala la moto, nauviika m'mafuta kapena m'madzi. Ukatero umalimba, koma ungathe kuthyoka ngati galasi. Ndiye amautenthetsanso pang'onopang'ono mpaka uoneke ngati udzu wouma. Apa ndi pamene pali luso. Akapitiriza moto, mpeni ufewa. Akacepetsa, mpeni uthyoka pa fupa. Zimenezi maso a wogula saziona. Ndi cifukwa cace tiyenera kudziwa munthu amene anausula.

Wogulitsa pa mphasa sadziwa amene anapanga mipeni yake. Mukaubweza wothyoka, angokuuzani kuti mugule wina. Mwina sabata yamawa ali ku Cuamba. Koma wosula amakhala pakati pathu. Timamwa naye madzi a pa citsime cimodzi, timakumana naye pa maliro. Akasula mpeni woipa, mudzi wonse umva lisanalowe dzuwa. Mukaubweza, amaukonza, cifukwa dzina lake ndiwo munda wake.

Ena amati, mpeni wa wosula ndi wakuda ndipo umacita dzimbiri. Ndi zoona. Citsulo cimene cimasunga kuthwa bwino pa cipala ca m'mudzi cimaopa madzi. Upukuteni mukatha nchito, muupake kadontho ka mafuta ophikira, dzimbiri silibwera. Ilipo mipeni ya m'fakitale yosacita dzimbiri imenenso ndi yakuthwa, koma mtengo wake si umene timauona pa mphasa paja.

Ena amati, za osula ndi zacikale, zinthu zabwino zimacokera kunja. Mau awa ndiwo amandiwawa koposa. Makolo athu ankasungunula citsulo m'ng'anjo, kucokera ku miyala ya m'dziko lomwe lino. Makasu a Amaravi ankagulitsidwa mpaka ku Tete, ndipo Apwitikizi ankawafuna. David Livingstone atafika ku nyanja ya Chilwa m'caka ca 1859, anaona m'midzi ya Amang'anja muli ng'anjo, anthu ootcha makala ndi osula, ndipo analemba zimenezi. Luso linalipo galimoto isanabwere. Likatha lero, adzakhala atalipha ndi ife ogula.

Sindikunena kuti wosula aliyense ndi wabwino. Alipo ena ofulumira, odula mgolo ndi kuunola, nati ndi mpeni. Tsono sankhani. Funsani anansi kuti mpeni umene wakhalitsa m'nyumba mwao anasula ndani. Funsani mmisiri kuti citsulo cake ndi ca ciani. Wodziwa nchito sakwiya ndi funso limeneli, amakondwera nalo. Pemphani tupa, muikhudze ku mpeni kumene kumadula. Tupa ikamaterera ndi kudya pang'ono kwambiri, citsulo calimba. Ikamadya ngati ikupala cinangwa, bwezani mpeniwo. Ndipo wina akakunong'onezani kuti citsulo cake anacizula pa njanji, cokani pamenepo. Njanji ya ku Nacala inalumikizana ndi Malawi pa Entre Lagos ndi Nayuchi m'caka ca 1970, ndipo sitima zoyenda pamenepo zimanyamula anthu. Mpeni suposa moyo wa anthu.

Nanga mpeni wopinda? Akuluakulu amaudziwa wa dzina la Okapi, wa cigwiriro ca mtengo ndi kamphete kokoka potseka. Unayamba kupangidwa ku Germany m'caka ca 1902, ndipo m'caka ca 1988 nchitoyo inasamukira ku South Africa. Anthu anaukhulupirira cifukwa wopanga wake anali wodziwika. Koma dzina lodinda pa citsulo aliyense angalidinde. Musakhulupirire zilembo zokha. Tsegulani mpeniwo, muugwedeze. Ukamagwedera, msomali wake ndi wofooka. Kenaka kanikizani msana wa mpeni pa mtengo, zala zanu zili kutali ndi njira yake. Ukapindika wokha, usiyeni. Tsiku lina udzapindika muli m'bwato, manja ali oterera ndi mamba, ndipo udzatseka pa zala zanu. Msodzi wa bala m'dzanja sakoka ukonde, ndipo cipatala cili kutali ndi dooko.

Mpeni wopinda ndi wovuta kusula. Umafuna sipuling'i yaing'ono ya kumsana ndi msomali wokwana bwino. Si mmisiri aliyense amene angathe. Woona mtima adzakuuzani kuti, uwu sinditha. Ameneyo ndiye woyenera kumupatsa ndalama zanu. Mupempheni akusulireni mpeni wosapinda, wa citsulo colowa mpaka kumapeto kwa cigwiriro, ndipo mumuuze nchito yake, kaya ndi yotumbulira nsomba, kaya yong'ambira nsungwi. Mwini cikopa ca mbuzi akusokereni cimake, kuti mpeni ukhale m'cuuno osang'amba thumba, ndiponso kuti ana asaugwire.