ZA M'MUDZI MUNO: Chilombo chachikulu sachipha ndi phuma

Pa msika wa Ulongwe, kuseri kwa magolosale, pali kachipinda kena komwe anyamata amasonkhana akaweruka ku sukulu ndiponso Loweruka masana. M'katimo muli wailesi ya kanema yakale ndi kamakina ka masewera kotchedwa PlayStation 2, kamene kanatuluka ku Japan m'chaka cha 2000 koma kuno kanafika katatopa kale m'manja mwa anthu ena. Munthu amalipira ndalama pang'ono n'kupatsidwa nthawi yoti asewere. Nthawiyo ikatha mwini wake samva zoti dikirani pang'ono, amangothimitsa basi.

Ambiri mwa anyamatawa amakonda masewera a mpira. Koma anyamata anai a m'mudzi wina woyandikana ndi tauniyi anatengeka ndi masewera ena otchedwa Final Fantasy X, amene kampani ya Square ya ku Japan inatulutsa m'chaka cha 2001. Masewerawa ndi nthano yaitali. Gulu la anthu 7 lili pa ulendo wokagonjetsa chilombo chotchedwa Sin chimene chimasakaza midzi. Panjira gululi limakumana ndi adani ang'onoang'ono ambiri, koma pa malo ena pamakhala mdani mmodzi wamkulu amene amatseka njira. Anyamata amamutcha bosi. Popanda kumugonjetsa ameneyo, ulendo wathera pomwepo.

Popeza masewerawa amasewera ndi munthu mmodzi, anyamata anaiwo ankasonkherana ndalama. Mmodzi ankagwira chowongolera, enawo n'kumalangiza. Zinthu zinkayenda bwino mpaka pamene anafika m'mabwinja a mzinda wotchedwa Zanarkand, m'mene muli bosi wamkazi dzina lake Yunalesca. Apa ndi pamene khasu linagunda mwala. Maloweruka atatu otsatizana gulu lao linaphedwa lonse. Choipitsitsa n'chakuti nkhondoyi isanayambe pamakhala kanema wautali amene sangathe kumudumpha, kotero akalephera ankayenera kumuoneranso kuyambira pachiyambi uku nthawi yao yolipira ikutha. Ndalama zimene anazipeza movutikira pa ganyu yokumba mbatata ya kachewere zinkangothera pa kuonera nkhope ya Yunalesca.

Kuti owerenga amvetse chimene chinkawavuta anawa, m'pofunika kufotokoza m'mene gululi limamenyera nkhondo. Ngakhale anthu alipo 7, amene amaima pabwalo nthawi imodzi ndi atatu okha. Anai otsalawo amadikira kumbuyo, ndipo wosewera angathe kusinthanitsa wa pabwalo ndi wa kumbuyo nthawi yake yomenya ikakwana. Koma atatu a pabwalowo akagwa onse, nkhondo yatha, ngakhale a kumbuyowo ali ndi mphamvu zao zonse.

Aliyense ali ndi ntchito yake. Auron ndi mkulu wa lupanga lolemera amene amaswa adani a chikopa cholimba. Tidus ndi mnyamata waliwiro amene amathanso kufulumizitsa anzake kuti azimenya kawirikawiri. Wakka amagenda ndi mpira ndipo adani ouluka samuphonya. Lulu amaponya moto, madzi, chisanu ndi mphenzi. Kimahri ndi wa mkondo. Rikku amalanda katundu wa adani ndi kusakaniza mankhwala. Yuna ndiye sing'anga wa gulu: amapoza mabala, amateteza anzake, ndiponso amatha kuitana zilombo zazikulu zomuthandiza. Kumbali kwa kanema kumakhala mndandanda wosonyeza amene amenye tsopano ndi amene atsatire, mdani yemwe ali pomwepo. Nkhondo yake si yothamangitsana zala. Munthu angathe kukhala chete n'kuganiza asanachite kanthu.

Wamkulu mwa anyamata anaiwo ndiye ankagwira chowongolera, ndipo nzeru yake inali imodzi: kuika amphamvu atatu pabwalo ndi kumenya mosalekeza. Yuna ankamuona ngati wofooka woononga malo. Wamng'ono pa onse, amene amaphunzira kutsidya kwa malire m'boma la Dedza ndipo amamva Chingerezi, ankawerenga mau otuluka pa kanemayo n'kumalemba m'kope lake la masamu kumapeto. Akati alankhule ankamuuza kuti, "Iwe khala chete, ndalama yako ndi yochepa pano."

Loweruka lachitatu anabwerera kumudzi akukangana. Mkangano unafika mpaka pabwalo pamene agogo ao aamuna, mkulu wobadwira ku Domwe, ankaotha moto.

"Kodi ana inu, mwalandana mkazi kapena?" anafunsa agogowo.

"Iyayi agogo, ndi chilombo cha pa kanema chatikanika," anayankha wamkulu uja. "Timachimenya ndithu mpaka chimagwa kawiri, koma chikadzuka kachitatu chimatipha tonse kamodzi."

"Tsiku lililonse chimakuphani chimodzimodzi?"

"Chimodzimodzi, agogo."

"Ndiye kuti chilombocho sichikubisa kanthu. Osaona ndinu. Ndani mwa inu amachiyang'ana pamene ena akumenya?"

Onse anacheukira wamng'ono uja.

Agogowo anawasimbira za uzimba wa kale, masiku amene nguluwe zinkatha chimanga m'minda ya m'munsi mwa mapiri. Pa uzimba sipankakhala mikondo yokhayokha. Ena ankatchera ukonde, ena ankalowa m'tchire ndi agalu kukaswa phokoso, ena ankabisala pa mpita ndi mikondo, ndipo ena ankatsalira kumbuyo kuti anyamule wovulala. Nguluwe yolasidwa imakhala yoopsa kuposa yamoyo bwino, kotero wothamangira kutsogolo yekha kuti atchuke ndiye ankabwerera pa machira. Mlenje weniweni, anatero agogowo, amayamba wadziwa njira imene nyama imadzera ndi chimene imachita ikapanikizika.

Mau a agogowa ali ndi mbiri kumbuyo kwake. Angoni a kwa Maseko, amene anakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870 motsogozedwa ndi Chidyaonga, anachokera kum'mwera komwe nkhondo inkamenyedwa ndi nthungo yaifupi ndi chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe. Azulu a kumeneko ankafola monga mutu wa ng'ombe: chifuwa chogwira mdani pamaso, nyanga ziwiri zomuzinga m'mbali, ndi gulu lina losungidwa kumbuyo kudikira nthawi yake. Ndi kafoledwe kotere anagonjetsa asilikali a Britain okhala ndi mfuti pa Isandlwana pa 22 January 1879. Gulu losungidwa kumbuyo lija silinali la amantha. Linali lomalizitsa ntchito.

Usiku womwewo wamng'ono uja anatsegula kope lake, ndipo zimene analemba zinali zoona. Yunalesca ali ndi maonekedwe atatu. Poyamba amakhala ndi moyo wokwana 24,000, kachiwiri 48,000, kachitatu 60,000. Pa maonekedwe oyamba amabwezera: womumenya ndi chida amamuchititsa khungu, womuponyera moto kapena mphenzi amamutseka pakamwa. Apa mankhwala a maso ndi a pakhosi ayenera kukhala pafupi, ndipo wogwidwa khungu asapitirize kumenya mphepo.

Pa maonekedwe achiwiri ndi pamene pali msampha. Yunalesca amaluma gulu lonse ndi chida chotchedwa Hellbiter, chimene chimasandutsa anthu kukhala ngati ndondocha, oyenda koma osati amoyo enieni. Munthu akasanduka chotero mankhwala opoza amamupweteka m'malo momuchiritsa, ndipo Yunalesca mwini wake amayamba kuwapatsa mankhwala dala kuti awamalize. Aliyense woona zimenezi amachita mantha n'kuthamangira kutsuka anthu ake onse ndi madzi odalitsidwa amene amachotsa undondochawo. Ndi zimene wamkulu uja ankachita Loweruka lililonse, ndipo ankadzitama kuti gulu lake layera.

Koma Yunalesca akangolowa m'maonekedwe achitatu amaponya temberero lotchedwa Mega Death, limene limapha wamoyo aliyense nthawi yomweyo. Amene silimukhudza ndi ndondocha, chifukwa wakufa kale saphedwanso. Ndiye kuti chimene anyamatawo ankachiona ngati matenda ndicho chinali chishango chao, ndipo iwo ankachitaya okha ndi manja ao chifukwa cha phuma.

"Achimwene, musamatsuke onse," anatero wamng'onoyo. "Mmodzi kapena awiri azikhala choncho. Amene watsala pang'ono kugwa yekhayo ndiye timutsuke, timupoze, enawo tiwasiye."

Wamkuluyo sanayankhe, koma Loweruka lotsatira atafika pa kachipinda kaja anangomupatsa mng'ono wakeyo mpando wa pafupi ndi kanema.

Tsiku limenelo sanathamangire kwa Yunalesca. Anayamba amenya adani ang'onoang'ono a panjira mpaka chilombo chothandiza Yuna, chotchedwa Bahamut, chitadzaza mphamvu yake yaikulu, n'kuchisunga osachigwiritsa ntchito. Anaonetsetsa kuti ali ndi madzi odalitsidwa okwanira ndiponso nthenga zotchedwa Phoenix Down zimene zimadzutsa wakugwa. Nkhondo itayamba Tidus anafulumizitsa anzake, Yuna anawatchinjiriza, Auron n'kumamenya. Wina akafooka ankapita kumbuyo, wina n'kulowa. Pa maonekedwe achiwiri anasiya awiri ali ndondocha, mitima ili m'mwamba. Mega Death itagwa, mmodzi yekha ndiye anagwa. Awiri aja anamudzutsa ndi nthenga. Pamenepo ndi pamene anaitana Bahamut amene anamusunga uja kuti agwetse mbali yaikulu ya moyo wa bosiyo, kenaka anapitiriza modekha, akusamala kuti nthawi zonse pakhale ndondocha imodzi pabwalo popeza tembererolo limabweranso. Yunalesca anagwa nthawi yolipira isanathe. Phokoso limene linamveka m'kachipindamo linachititsa amayi ogulitsa tomato panja kuganiza kuti kwagwidwa mbala.

Ana ena amene akuvutika ndi mabosi otere, m'masewera awa kapena ena ofanana nao a pa foni, angatolepo nzeru zingapo.

Choyamba, kugonja koyamba kusapite pachabe. Bosi amachita zinthu motsatira ndondomeko yake ndipo kawirikawiri amabwereza zomwezo. Wina m'gulu akhale maso ndi kusunga zimene zachitika, makamaka chimene chapha gulu.

Chachiwiri, gulu la omenya okhaokha silifika patali. Pafunika wogwira mdani, wopoza anzake ndi wofulumizitsa kapena kutchinjiriza. Sing'anga akagwa, ayambe wadzutsidwa iyeyo, chifukwa popanda iye enawo angotsala pang'ono.

Chachitatu, kukonzekera kumachitika nkhondo isanayambe. Mankhwala agulidwe, zida zoyenera zivalidwe, ndipo masewera asungidwe pa malo omaliza asanalowe kwa bosi.

Chachinai, chida champhamvu chisungidwire kumapeto. Bosi amaopsa kwambiri akatsala pang'ono kugwa, monga nguluwe ya agogo ija.

Chachisanu, si vuto lililonse loyenera kulichotsa msanga. Munthu ayambe wafunsa kuti mdaniyu wachita zimenezi chifukwa chiyani, nanga chikubwera pambuyo pake n'chiyani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa makolo, nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Ndi zoona kuti tizipinda ta masewerati tikudya ndalama ndi nthawi ya ana. Mwana amene akuthawa m'kalasi, kusiya ng'ombe zikulowa m'dimba la eni, kapena kutola ndalama ya mchere kuti akasewere, ayenera kudzudzulidwa popanda kumunyengerera. Eni tizipindati nawonso asamalole ana ovala yunifolomu kulowa nthawi ya sukulu. Koma kungoletsa ndi ndodo osafunsa kuti mwanayo akuchita chiyani kumeneko sikuthandiza, amangopita mobisa. Agogo a ku Domwe aja sanagwirepo chowongolera chikhalire, ndipo dzina la Yunalesca limawakanika kutchula, koma anafunsa mafunso awiri okha ndipo mkangano wa adzukulu ao unatha. Kholo lingathe kuika tsiku ndi nthawi yosewera, kudziwa kumene ndalama yachokera, ndi kumufunsa mwana kuti afotokoze m'mene anapambanira. Pofotokozapo m'pamene kholo limadziwa ngati mwanayo akuganiza kapena akungotaya ndalama.

Anyamata anai aja adakali pa ulendo wao, ndipo kutsogoloko kuli mabosi ena. Kope la masamu lija tsopano limayenda nao Loweruka lililonse. Mphunzitsi ataliona anadabwa kupeza masamba a kumapeto odzaza ndi maina achilendo ndi manambala, ndipo analamula kuti mwini wake agule kope lina la zimenezo. Ndalama ya kope latsopanolo anasonkha ndi wamkulu uja.